Chilembo cha H pa Tiyirumu ya Amayi

Burashi ija ndikadali nayo. Imakhala m'kapu yothyoka chogwirira patebulo langa, pambali pa laputopu, ndipo aliyense wolowa m'kaofesi kanga kuno ku Mzuzu amayamba wandifunsa chifukwa chimene ndikusungira zinyalala. Ndi yonyansa, sindikana. Chogwirira chake ndi kansungwi, ubweya wake ndi wakumchira kwa mbuzi womangidwa ndi waya wa m'tayala, ndipo penti wofiira anaumira pamenepo mpaka kulimba gwa. Anaipanga okha amalume, mlongo wawo wa amayi, munthu amene kwa zaka zambiri ankalemba ndi dzanja zikwangwani za pa Boma ku Chitipa.

Musaganize kuti ndikufuna kuwasandutsa mngelo amalumewo. Anali munthu wotopetsa, abale. Ukawapatsa ntchito Lolemba, Lachiwiri ankabwera kudzayang'ana khoma. Kungoyang'ana basi, manja kumbuyo, tsiku lonse. Lachitatu ankabwera kudzaliyang'ananso, ati dzulo dzuwa linali mbali ina. Wogulitsa nyama wina anawapempha kuti amujambulire ng'ombe yonenepa, iwo n'kumujambulira ng'ombe ya maso achisoni, moti amayi ena ankafika pakhomo n'kubwerera kukagula usipa. Mwiniwake atadandaula, amalume anangoti ng'ombe yodziwa kumene ikupita siseka. Komabe ukayenda kuchokera kumsika mpaka kuchipatala, mitu ya pamalo ometera, nsapato za pakhoma la osoka, mabotolo a pagolosale, zonsezo zinali za dzanja lawo, ndipo panalibe ziwiri zofanana.

Amayi anali ndi tiyirumu pafupi ndi pamene maminibasi a ku Karonga amakwezera anthu. Ankagulitsa tiyi wamkaka, chapati, mandasi, nthawi zina nthochi zophika. Dzina la tiyirumuyo linali Mwaghona. Kwathu ndi ku Misuku, ndipo kumeneko mawu amenewa ndi moni. Sungamudutse munthu osamuuza. Mumagwirana manja, wina n'kuti mwaghona, mnzake n'kuvomera, n'kubwezerana, n'kubwezeranabe, manja ali chigwirire, mpaka mwafunsana za ana ndi za mbuzi zomwe. Gh ameneyo samenyedwa ngati g wa mu galu. Amachokera kukhosi mofewa, ngati munthu akupuma atameza tiyi wotentha.

Dzinalo amalume analilemba pakhoma lakumaso ndi penti wofiira, zilembo zazikulu zooneka munthu ali kutsidya kwa msewu. Zilembo zina zonse zinali zilembo wamba, koma H anali anthu awiri. Mizere iwiri yoimirira ija anaisandutsa bambo wa chipewa ndi mayi wa duku, ndipo kamzere kapakati kanali manja awo atagwirana. Anthu akumudzi amene sankadziwa kuwerenga ankangouzana kuti tikakumane pa anthu ogwirana manja. Ine ndinakula ndikuganiza kuti H aliyense padziko lapansi ndi anthu awiri, kungoti ena amajambulidwa mwaulesi.

Chaka chimene ndinali mu Sitandade 6, mvula inagumula pulasitala wa khomalo, mutu wa bambo wa chipewa n'kupita nawo limodzi. Mvula itatha amayi anaitana womanga, anamata pulasitala watsopano n'kupaka laimu. Pofika mu Juni khoma linali mbee, lopanda dzina. Kunkazizira chaka chimenecho. Milomo inkang'ambika, mafuta odzola ankauma m'botolo, ndipo mphepo inkanyamula fumbi lofiira la mumsewu n'kudzalithira m'mbale ya shuga ngakhale titavundikira bwanji.

Ndi nthawi imeneyo pamene amalume anandiuza kuti akamadzalembanso dzinalo, manja a H ndidzajambula ndine. Anali atandionapo ndikujambula pansi ndi kamtengo. Sanandiyamikire, ayi, zoyamikira sankazidziwa. Anangoyamba kundikhazika kuseri kwa tiyirumu ndikaweruka kusukulu, kundipatsa makala ndi makatoni a sopo, kuti ndizijambula manja. Manja okhaokha. Ine ndinkafuna maluwa, nkhope, ndege, iwo ayi, manja. Ndikamaliza ankatenga katoniyo, n'kuiika patali ndi maso, n'kunena mawu amodzi. "Izi ndi nthochi." Mawa lake, "Awa akulimbirana mpeni." Tsiku lina ndinajambula manja amene ndinkadziwa ndithu kuti ndi abwino, zala zisanu uku zisanu uku, zikhadabo zomwe. Anayang'ana nthawi yaitali n'kuti, "Awa ndi manja a anthu osadziwana." Ndinaponya khala pansi, ndinalira ndi mkwiyo. Osadziwana bwanji, poti ndi makala pakatoni?

Lero ndikakumbukira makatoni amenewo ndimachita kuseka chifukwa cha kupsa mtima. Ntchito yanga ndi yokonza zikwangwani, makadi a ukwati ndi mapulogalamu a maliro pa laputopu. Masiku ano kasitomala amabwera ndi chithunzi chimene foni yake yamupangira pa kanthawi kochepa, akwati awiri atagwirana manja, wina zala zisanu ndi chimodzi, winayo chala chachikulu chili pamalo pa chaching'ono. Ndikamuonetsa amati, "Aaa, sisi, ndani angawerenge zala? Inu ingoikaniponi mayina." Ineyo, munthu amene ndinatha nyengo yonse yozizira ndikutukwanidwa chifukwa cha zala! Paja amati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Koma ndisadumphe nkhani.

M'miyezi yomweyo pa Boma panabwera bambo wina wochokera kummwera, anatsegula kashopu ka kompyuta. Ankachita fotokope, ankaika nyimbo m'mafoni, komanso ankakonza zikwangwani za mtundu watsopano. Iye ankangolemba pa kompyuta n'kutumiza ku Mzuzu, ndipo pakatha sabata chinsalu chapulasitiki chinkabwera pa minibasi chitakulungidwa ngati mphasa, chosindikizidwa kale, chowala psuu. Woyamba kugula anali wogulitsa mafoni woyandikana nafe. Pachinsalu chake panali mtsikana wa dziko lina, mano oyera, foni kukhutu. Anthu anaima pamsewu kumuyang'ana. Kenaka anagula wa golosale, kenaka ometa awiri. Wogulitsa nyama uja sanachedwe, anaphimba ng'ombe yachisoni ija ndi ng'ombe yamawanga oyera ndi akuda imene sinapondepo m'Chitipa chiyambire. Amalume ankadutsa pamenepo nkhope ili kutsogolo ngati sakuona. Ntchito zawo zinkatha imodziimodzi, mpaka khoma lokhalo limene linkawayembekezera pa Boma ponse linali la mlongo wawo.

Ndiye munthu wanzeru akanatani? Akanafulumira! Akanabwera m'mawa mwake ndi chitini cha penti n'kulimaliza khomalo anthu asanayambe kulankhula. Amalume ayi. Sabata yoyamba anati pulasitala sanaume m'kati. Sabata yachiwiri anati mphepo yachuluka, fumbi limatirira pa penti. Sabata yachitatu anati manja amene mwana akujambula sanapse. Chimene chimandinyansa kwambiri n'chakuti pa zonse zitatuzo ankanena zoona. Koma choonadi chawocho sichinkaitana makasitomala. Alendo otsika minibasi ankaona khoma lopanda dzina n'kupitirira kukamwa tiyi kwina. Amayi anzawo ogulitsa tomato ankawanong'oneza amayi kuti tsobola wakale sawawa, asiyeni achimwene anuwo azikajambula kumudzi.

Amayi anapirira mpaka anatopa. Tsiku lina masana, akukanda ufa wa chapati, anawauza amalume osawayang'ana kumaso kuti aganiza zogula chinsalu. Ine ndinali pakhomo ndi katoni yanga. Ndinkayembekezera mkangano, chifukwa awiriwa ankatha kukangana ngakhale za mchere. Amalume anangomaliza tiyi wawo, anatsuka okha kapu, n'kutuluka. Masiku awiri sanaoneke. Tsiku lachitatu anabwera ndi pepala la kalendala yakale. Kuseri kwake anali atajambula chikwangwani chonse ndi mapensulo amitundu, chilembo chilichonse pamalo pake, bambo wa chipewa ndi mayi wa duku atagwirana manja pakati. Anaika pepalalo patebulo n'kuti ngati mlongo wawo akufuna makina, makinawo akopere zimenezi, osasintha kanthu. Kenaka anawonjezera kuti iwo m'kashopu kaja sapondamo. Amayi manja anali mu ufa, ketulo ikuwira, anthu atatu akudikira. Anatuma ine.

Apa ndiyenera kunena za aphunzitsi athu a Chichewa, chifukwa popanda iwo nkhaniyi siimveka. Nawonso anali ochokera kummwera, ndipo anali mphunzitsi wabwino, sindingawanamizire. Koma malilime athu ankawapweteka m'makutu. Ife ana a ku Chitipa Chichewa tinkachipeza kusukulu ndi pawailesi, kunyumba tinkalankhula zathu, ndiye mawu ankatuluka atavala zakwathu. Mwana akati kughona m'malo mwa kugona, ankamuimiritsa kutsogolo kuti abwereze kakhumi kalasi yonse ikuseka. "M'Chichewa mulibe gh," ankatero, akumenya bolodi ndi rula. "Mulibe! Ameneyo muzimusiya pakhomo pamodzi ndi matope." Ine gh wanga ndinamusiya msanga. Ndinkakhala nambala wani pa Chichewa, chimangirizo changa ankachiwerenga mokweza, ndipo ndinali nditayamba kuwakonza amayi kunyumba akalankhula. Ndinali kamtsikana kodzimva koopsa. Ndikanakumana nako lero kamtsikana kameneko, ndikanakakoka khutu.

M'kashopu muja munkanunkha pulasitiki wotentha. Bambo wa kompyuta anandipatsa moni wa Chitumbuka umene anali atangophunzira kumene, n'kundipatsa mpando. Anali munthu waulemu. Anatambasula pepala la amalume, analiyang'ana, n'kuti wajambula izi ali ndi luso. Koma anati makina ake okopera zithunzi anali atawonongeka, ndipo kungolemba pa kompyuta n'kofulumira komanso kumatuluka bwino. Anthu awiri aja anati sangalowe, m'malo mwake aika chithunzi cha kapu ya tiyi chimene anali nacho kale m'kompyutamo. Ndikanayenera kunyamuka pomwepo. Amalume anali atanena kuti osasintha kanthu. Koma maso anga anali pa sikirini. Bamboyo ankadina kamodzi zilembo n'kunenepa, kudinanso n'kupendekera, kudinanso n'kusanduka zobiriwira, kenaka zofiira. Zimene amalume ankazilingalira masabata atatu zinkachitika ndisanaphethire. Ndinaiwala makatoni anga onse.

Ndiye pansi pa dzina lija panatuluka kamzere kofiira kokhotakhota. Bamboyo analoza ndi chala n'kuti kompyuta ikukana, mwina mawuwa alakwika penapake. Anandiyang'ana. "Iwe ndi mwana wasukulu. Alembedwa bwino mawuwa?" Munthu wamkulu, mwini kompyuta, kufunsa ine! Ndinawongola khosi ngati ndili kutsogolo kwa kalasi n'kunena kuti H uyo ndi wolakwika, amuchotse. Anandifunsa ngati ndatsimikiza. Izi ndiyenera kuzinena, anandifunsa kawiri. Ndinati ndatsimikiza. Anadina batani limodzi, H n'kusowa, G ndi O n'kusunthirana pafupi ngati panalibepo kanthu chiyambire.

Ndipo kamzere kofiira kaja sikanachoke! Kanakhala pomwepo pansi pa mawu atsopanowo. Tonse awiri tinakaona. Bamboyo anangokweza mapewa n'kuti imatero nthawi zina. Zaka zambiri pambuyo pake, nditayamba kuphunzira kompyuta, m'pamene ndinadziwa kuti makina aja sankadziwa Chichewa, sankadziwa chinenero chakwathu, ankangodziwa Chingerezi, ndipo akanaika kamzere komweko pansi pa dzina langa lomwe. Ndinafufuta moni wa makolo anga pomvera chinthu chimene sichinkamva mawu ngakhale amodzi a zimene tinkakambirana. Mpaka lero ndikalemba mwaghona pa laputopu yangayi kamzereko kamatuluka, ndipo ndimakatukwana mokweza.

Kunyumba sindinanene kanthu. Pepala la amalume ndinalipinda n'kuliika m'kope la masamu. Ndinkaganiza kuti ndawachitira zabwino, adzandithokoza akadzaona.

Chinsalu chinafika Loweruka m'mawa. Anyamata oitanira minibasi anachikhoma ndi misomali ndi zitsekerero za mabotolo, amayi ataima kutsidya kwa msewu kuwauza kuti kwezani uku, tsitsani uko. Chinali chowala, ndivomereze. Zilembo zofiira zosalala, ndi kapu yoyera ya thovu pamwamba, mtundu wa chakumwa chimene sitinagulitsepo. Amayi anasangalala, anaona kuwala kokha. Sipanathe ola limodzi. Kondakitala wina wa ku Lilongwe anasuzumira pawindo la minibasi, anawerenga, n'kukuwa kuti, "Mayi, mwagona! Dzukani, kwacha!" Minibasi yonse inaphulika ndi kuseka. Amayi anatembenuka, anayang'ana chinsalu, milomo ikuyenda pang'onopang'ono powerenga. Ndinaona chimwemwe chikuwatsika pankhope.

Kwa amene sadziwa, kumuuza munthu m'Chichewa kuti mwagona, osaikapo bwanji kumapeto, si moni ayi. Ndi kumunyoza kuti ndi wopusa, zinthu zamudutsa ali m'tulo. Ndiye amayi anali atakhoma chitonzo pakhomo pawo pomwe, cholonjera kasitomala aliyense. Akalaliki a ku maofesi a khonsolo anayamba kuitcha tiyirumu ya ogona. Ena ankalowa akuyasamula mwadala. Apaulendo awiri ochokera kumalire anabwera ndi zikwama kudzafunsa ngati zipinda zilipo, poganiza kuti ndi malo ogona alendo. Koma chimene chinawapweteka amayi kuposa zonsezi anali mkulu wina wa ku Misuku amene ankamwa tiyi kwathu mwezi ndi mwezi akabwera kuchipatala. Tinamuona akudutsa ndi ndodo yake, n'kubwerera, n'kudutsanso, akuyang'ana makoma. Ankafunafuna anthu ogwirana manja.

Tsiku loyamba lomwelo, amalume anafika dzuwa lili paliwombo. Anaima kutsogolo kwa chinsalu monga momwe ankaimira kutsogolo kwa khoma lililonse, manja kumbuyo. Sanaime tsiku lonse ulendo uno. Anatembenuka n'kulunjika kukashopu kaja, kumene analumbira kuti sadzapondako, ndipo amayi anandikankha kuti ndipite nawo popeza ndine ndinapereka pepala. Ndinkayenda kumbuyo kwawo ndikuyang'ana madontho a penti akale pa zidendene za nsapato zawo. M'kashopumo analankhula Chichewa chawo chodzaza gh, kufunsa kuti munthu wobwera angasinthe bwanji dzina la eni ake. Ine ndinkachita manyazi ndi katchulidwe kawo. Tangoganizani, pa nthawi ngati imeneyo, ine manyazi anga anali pa katchulidwe! Bambo wa kompyuta anawasiya amalize. Kenaka ananena mofatsa kuti, "Pepani bambo, koma ndinafunsa. Mwana wanuyu ndi amene anati tichotse."

Amalume anatembenukira kwa ine. Sanakwiye, ndipo bola akanakwiya. Ndikanatha kulira, ndikanatha kupepesa, ndikanatha kungokhala chete ngati mwana wolereka. Koma pakamwa panga panatuluka mawu a aphunzitsi, ndi kamvekedwe kawo komwe. Ndinati m'Chichewa mulibe gh. Anandiyang'ana ngati mmene ankayang'anira makatoni anga, n'kufunsa, "Anakuuza ndani kuti n'Chichewa?" Koma musaganize kuti ndinazindikira kulakwa kwanga, ayi. Mumtima ndinkangoti chilichonse cholembedwa chiyenera kukhala Chichewa kapena Chingerezi, zakwathuzi n'zongolankhula.

Amayi anandikalipira madzulo onse, ndi chinenero chakwathu, chimene pokalipa chimathamanga kuposa Chichewa. Koma chinsalu anakana kuchitsitsa. Anali atachigula, ndipo madzi akatayika saoleka. Anati anthu aseka atopa. M'mawa mwake amalume anabwera ndi kachitini ka penti wofiira ndi burashi ija. Anakoka benchi, anakwerapo. Sanandiitane kuti ndiwagwirire chitini monga kale, anachipachika pa msomali. Ine ndinkasuzumira pawindo ndikunamizira kupukuta makapu. Pakati pa G ndi O panali mpata wolowa zala ziwiri zokha. M'kampata kameneko munthu amene ankakana kupenta kukakhala mphepo anayesa kufinyiramo H, fumbi likuwomba, oitanira minibasi akuwaonerera. Panalibe malo a chipewa, panalibe malo a duku. Anangolemba timizere tiwiri toonda ndi kena pakati. Penti ankaterereka papulasitikipo, ankayenderera pansi, iwo n'kupukuta ndi chala, n'kuyambiranso. Anayambiranso kanayi. Wina mwa anyamata aja anakuwa kuti madala, izi n'zamakono, sizifuna mchira wa mbuzi. Amalume sanacheuke.

H ameneyo anakhala masiku asanu. Penti sagwira pa pulasitiki, ndipo iwo ankadziwa zimenezo kuposa wina aliyense. Dzuwa linamuumitsa, mphepo inayamba kumusenda m'mphepete. Tsiku lachisanu ndi chimodzi ndikusesa pakhonde ndinapeza tizidutswa tofiira pansi, kena kali m'beseni la mandasi. Ndinakachotsa amayi asanaone. Chinsalu chinabwerera kunena kuti mwagona, ndipo chinanena choncho zaka zitatu, mpaka dzuwa linachifufutitsa n'kuching'amba. Anthu anasekadi n'kutopa, monga amayi ananenera. Ena obwera pambuyo pake sankadziwa n'komwe kuti panali dzina lina.

Sabata yotsatira amalume ananena kuti akupita ku Misuku kukathandiza kuthyola khofi. Chaka chilichonse ankapita nyengo imeneyo n'kubwerako, ndiye palibe amene anadabwa. Ulendo umenewo sanabwerenso kudzakhala pa Boma. Anakhala kumudzi, analima khofi ndi nthochi zaka zambiri mpaka anamwalira, ndipo sanalembenso chikwangwani, ngakhale cha tchalitchi chawo atawapempha. Nthawi zina ndimafuna kunena kuti makina ndi amene anawachotsa ntchito, ndipo n'zoona mbali ina. Zinsalu zija zikanabwerabe, ine ndikanakhalapo kapena ayi. Nthawi zina ndimawakwiyira iwo eni, kuti munthu wamkulu angataye bwanji luso lotere chifukwa cha kamwana ka Sitandade 6. Akanandimenya kofi pamutu n'kundibwezera ku makatoni! Koma batani lija linadinidwa ndi mawu anga, ndipo palibe mmene ndingaikhotetsere nkhaniyi kuti zimenezo zichoke.

Burashi sanandipatse, ndisaname. Ndikanakonda kunena kuti anaiika m'manja mwanga ndi mawu anzeru, koma anangoisiya pawindo la tiyirumu osaitsuka ndi parafini, chinthu chimene sanachitepo. Ndinaitola patatha masiku, italimba kale. Pepala la kalendala lija linatayika pamodzi ndi kope la masamu, sindikudziwa liti.

M'mawa wa tsiku limene ankanyamuka ndimaukumbukira bwino. Kunali nkhungu, utsi wa mbaula unkakwawa pansi, ine nditavala yunifolomu ndi juzi ya amayi pamwamba. Chiyambire ndili wamng'ono, amalume akandipeza m'mawa ankanditambasulira dzanja lawo lokhakhala lonunkha parafini, n'kuti mwaghona, n'kundigwira osandisiya mpaka nditayankha zonse bwinobwino, ngakhale ndikuchedwa kusukulu. Zinkanditopetsa. Tsiku limenelo anatulukira pakona ndi chikwama chawo paphewa, anawapatsa amayi moni wakwathu, wautali, manja chigwirire. Atafika pa ine anaima kapatali pang'ono, anavula chipewa, manja onse awiri ali pachipewapo, n'kunena m'Chichewa choyera, liwu lililonse pamalo pake, "Mwadzuka bwanji, mayi?"

Ndinayankha kuti ndadzuka bwino, kaya iwo. Anati nawonso adzuka bwino, zikomo, anavala chipewa n'kupita kukakwera galimoto. Kuyambira tsiku limenelo mpaka imfa yawo, ulendo uliwonse ndikapita kumudzi ankandilandira bwino, ankandiphera nkhuku, koma moni wanga unali umenewo. Ana a anthu ena, alendo, ngakhale ogula khofi ochokera kutali ankawagwira dzanja n'kuwauza mwaghona. Ine ndekha ndinkalandira Chichewa.

Koma m'mawa umenewo ine ndinasangalala. Amayi anali atatembenukira kuketulo, akupukuta m'maso ndi chitenje, ndipo ndinkaganiza kuti ndi utsi. Ndinathamanga njira yonse mpaka kusukulu, ndinakawapeza aphunzitsi akufufuta bolodi, n'kuwauza ndikupuma wefuwefu kuti amalume anga aphunzira kulankhula bwino, ndipo ndawaphunzitsa ndine.